Nkhokwe zadzaza, nanga anthu a pa pulaneti lanu akuukiranji?

Dandaulo la anthu amene angoyamba kumene kusewera Stellaris, gemu ya pa kompyuta yolamulira ufumu wa m'mlengalenga, limafanana, kaya ndi mnyamata wa ku Mufakose kuno ku Harare amene ali ndi laputopu yogula yogwiritsidwa kale ntchito m'tauni, kaya ndi mtsikana wa ku Mabvuku amene amadikira magetsi a pakati pa usiku kuti asewereko. Amati zonse zinali bwino, zitsulo zikulowa, zombo zankhondo zikuchuluka, ndiye mwadzidzidzi pulaneti lina lafiira, za m'migodi zatsika, umbanda wakwera, mapeto ake anthu a kumeneko aukira n'kulengeza kuti ndi dziko loima palokha. Chakudya chinalipo, ndalama zinalipo, nanga analusiranji? Yankho lili pa mfundo imene opanga magemu amtunduwu anaiika dala. Munthu aliyense amene wawonjezeka mu ufumu wanu amabweretsa chuma, koma amadyanso gawo la chisangalalo cha amene wawapeza. Kuchulukana kwa anthu ndi kukondwa kwawo zimayendera limodzi, ndipo chimodzi chikamakwera popanda woyang'anira, chinzake chimatsika.

Magemu olamulira ufumu wa m'mlengalenga ndi akale ndithu. Master of Orion inatuluka mu 1993, ndipo polemba za gemu imeneyi ndi pamene Alan Emrich anayambitsa dzina loti 4X, kunena magemu amene mumafufuza malo, kufutukula malire, kukolola chuma ndi kuthana ndi adani. Kunabweranso Galactic Civilizations ya kampani ya Stardock, Endless Space ya Amplitude Studios ya ku Paris, ndi Stellaris imene Paradox ya ku Stockholm inatulutsa pa 9 May 2016. Ndikhazikika pa Stellaris chifukwa ndi imene yalowa mozama pa nkhani ya anthu. Ilinso ndi ubwino wina woti mukamasewera pagulu, ma DLC (zowonjezera za gemu zogula padera) a amene watsegula gemuyo amagwira ntchito kwa onse, ndipo kwa ife amene dola timaiyang'ana kawiri tisanaitulutse m'thumba, imeneyo ndi nkhani yaikulu.

Mu Stellaris anthu amawerengedwa m'timagulu totchedwa ma pop. Kuyambira pa update ya 2.2 ya mu December 2018, chuma chambiri cha pa pulaneti chimachokera ku ntchito, ndipo ntchito imafuna pop woigwira. Mgodi wopanda wokumba sutulutsa kanthu. Labotale yopanda wasayansi imangokudyerani ndalama zoisamalira mwezi ndi mwezi. Apa ndi pamene oyamba kumene amapunthwa: akaona miyala yamtengo yachuluka m'nkhokwe amamanga chilichonse chimene batani lake layaka, ntchito n'kuchuluka kuposa anthu. Tsono ma pop amathamangira ntchito zapamwamba. Anagawidwa patatu, olamulira, akatswiri ndi antchito wamba, ndipo mukangotsegula malo a akatswiri, alimi ndi okumba migodi amataya makasu n'kukwera. Mwezi wotsatira chakudya chili pa minus. Kukwera kumachitika msanga, kutsika n'kumene kumavuta. Katswiri amene ntchito yamuthera amayamba wakhala lova kwa kanthawi, akunyinyirika, asanavomere kubwerera kumunda.

Nanga anthuwo amachulukana bwanji? Magemu ambiri amtunduwu amabwereka masamu a Pierre-François Verhulst wa ku Belgium, amene mu 1838 anafotokoza kuti chiwerengero cha zamoyo chimakwera pang'onopang'ono poyamba poti obereka amakhala ochepa, chimathamanga pakati, kenako chimafooka chikamayandikira malire a malo ndi chakudya. Mu Master of Orion zimenezi zinkaonekera poyera. Pulaneti linkabereka kwambiri likadzaza theka, motero osewera odziwa ankatunga anthu pa pulaneti lalikulu n'kumawatumiza ku mapulaneti atsopano, osalilola kuti lidzaze.

Stellaris itasintha mu 2018 inatenga njira yachidule. Pulaneti lililonse linkasonkhanitsa mapointi 3 pamwezi, kuwonjezerapo ena ochokera ku sayansi ndi malamulo, ndipo akakwana 100 ndiye kuti pop watsopano wabadwa. Popanda zowonjezerazo, pop mmodzi ankatenga pafupifupi zaka zitatu za m'gemu. Poti liwirolo linali la pulaneti lililonse palokha, mwala uliwonse woti munthu angapumepo mpweya unali woyenera kuuthamangira. Mapulaneti khumi ankabereka kakhumi kuposa limodzi, ngakhale atakhala osauka chotani.

Amene anavutika nazo ndi makompyuta. Gemu imayamba m'chaka cha 2200, ndipo pofika m'ma 2400 mlalang'amba wonse unkakhala ndi ma pop masauzande, aliyense kompyuta ikumuwerengera ntchito yomuyenera, chipani chake ndi chisangalalo chake. Masiku a m'gemu amene poyamba ankadutsa mothamanga ankayamba kukwawa. Wa laputopu yakale amazidziwa bwino zimenezi: fani ikulira, kunsi kwake kukutentha moti simungaiike pamiyendo, magetsi apita kale, batire likutsika mukuliona nkhondo imodzi isanathe n'komwe.

Mu April 2021, ndi update ya 3.0, Paradox inaika zotchinga ziwiri. Choyamba chinali masamu a Verhulst aja. Pulaneti lokhala ndi nyumba zopanda anthu ndi malo osamangidwa limabereka msanga, lothinana limachedwa. Chachiwiri ndi chimene chinautsa mapiri pachigwa. Mapointi ofunika kuti pop abadwe anayamba kukwera motsatira chiwerengero cha ufumu wonse, theka la pointi pa pop aliyense amene muli naye kale. Osewera atadandaula kwambiri anatsitsa kufika pa 0.25. Ngakhale pamenepo, ufumu wa ma pop 400 umafunika mapointi 200 kuti mmodzi abadwe, ndipo wa ma pop 1,200 umafunika 400. Anaikanso ma slider, timabatani tokweza kapena kutsitsa zotchingazi, pa tsamba loyambira gemu kuti aliyense azidzisankhira. Kwa wa kompyuta yofooka ndinganene kuti musachotse chotchingachi. Chepetsani kukula kwa mlalang'amba ndi kuchuluka kwa mapulaneti okhalika, mudzafika patali gemu isanayambe kutsimphina.

Chotchingachi chinabala zimene eni ake sankayembekezera. Kubereka kutadula, kulanda kunatchipa. Pop amene mwamulanda pankhondo salipira mapointi aja, amalowa m'kaundula wanu tsiku lomwelo, ndipo pali ngakhale luso lotchedwa Nihilistic Acquisition lololeza zombo zanu kuba anthu pa pulaneti la mdani popanda kulilanda. Njira zamtendere ziliponso. Maloboti amapangidwa pa mzere wawowawo wosiyana ndi wa kubadwa, choncho pulaneti lokhala ndi fakitale ya maloboti limakulira mbali ziwiri nthawi imodzi. Mapangano olola anthu kusamukirana pakati pa maufumu amakupatsani mitundu ina yoti mukaikhazike kumene anthu anu sangakhale. Othawa nkhondo nawonso amabwera okha ngati malamulo anu akuwalola.

Mu May 2025 update ya 4.0 inasinthanso kawerengedwe. Pop mmodzi wakale anasanduka 100, anthu ofanana anaikidwa pagulu limodzi kuti kompyuta iziwerengera gulu m'malo mwa mmodzimmodzi, ndipo mitundu yonse ya pa pulaneti inayamba kuchulukana nthawi imodzi. Manambala amene ndikutchula muno ndi akale, 4.0 isanabwere, koma maganizo a kumbuyo kwake ndi omwewo.

Pop akabadwa amafika ndi njala zake. Amadya, amafuna nyumba ndi ntchito, amafuna consumer goods, amene ndi katundu wa m'sitolo, ndiponso amafuna amenities, dzina limene gemu imaphatikizamo zonse zokometsa moyo wa m'tauni. Chakudya ndi consumer goods zimachokera m'nkhokwe ya ufumu wonse, koma amenities ndi nyumba ayi. Pulaneti lililonse limapanga zake n'kudya zake. N'chifukwa chake manambala a pamwamba pa sikirini atha kukhala obiriwira onse pamene pulaneti lina likuvutika. Nambala imene ikukupwetekani ili mkati mwa tsamba la pulanetilo, kakang'ono, kofiira, kokhala ndi minus kutsogolo. Munaisiya pa +3 mukupita kunkhondo, kumbuyo kuno kwabadwa ma pop asanu, yagwera pansi pa ziro, ndipo palibe amene wakuimbirani belu. Nyumba zikachepanso anthu amayamba kuthinana, kubadwa kumachepa, ena amayamba kusamuka.

Mtundu wa pulaneti umakulitsa kapena kuchepetsa njala zimenezi. Mapulaneti wamba okhalika alipo amitundu isanu ndi inayi, yogawidwa m'nyengo zitatu: yonyowa, youma ndi yozizira. Pulaneti la mtundu umene anthu anu anazolowera limayamba pa 80 peresenti ya habitability (mmene pulanetilo likuwayenerera kukhalapo), la nyengo yofanana pa 60, la nyengo ina pa 20. Nambalayi ikatsika, pop amadya zambiri, amafuna amenities zambiri, amatulutsa zochepa ndiponso amachedwa kubereka. Anthu a m'nyanja mukawaponya m'chipululu cha 20 peresenti ndiye kuti mwadzigulira vuto ndi ndalama zanu. Dikirani sayansi ikweze nambalayo, kapena tumizani maloboti ndi mtundu wina wokonda kuuma.

Chisangalalo chenichenicho chimayamba pa 50 peresenti, n'kumakwera kapena kutsika malinga ndi amenities, moyo umene mwapatsa mtunduwo, ulova ndi ndale. Gemu imatenga chisangalalo cha ma pop onse a pa pulaneti n'kupanga nambala imodzi yotchedwa approval, ndipo approval ndi imene imakankha stability, bata la pa pulanetilo, imene imayenda kuchokera pa 0 kufika pa 100. Bata ndi limene limakhudza thumba lanu. Pamwamba pa 50, pointi iliyonse imawonjezera 0.6 peresenti pa zotuluka m'ntchito, moti pa 100 mwapindula 30 peresenti. Pansi pa 50, pointi iliyonse imachotsa peresenti yathunthu. Likatsika kupyola 25 n'kukhalitsa pamenepo, chiwembu choukira chimayamba kuphikidwa. Anthu osakondwa amawonjezeranso umbanda, umbanda umatsitsanso bata, basi zinthu n'kumagubuduzika zokha.

Mukaona manambalawa mutha kuona kuti chilango cha kugwa n'chachikulu kuposa mphotho ya kukwera, ndipo pamenepa ndimasiyana ndi anzanga amene amalimbana kuti pulaneti lililonse lifike pa 100. Amenities zowonjezera zili ndi malire pa chisangalalo chimene zingapereke, ndipo zimapangidwa ndi anthu. Pop amene akuvina pa siteji ya holo-theatre, nyumba ya zisudzo yopanga amenities, sakusula zitsulo ndipo sakuchita kafukufuku. Pa pulaneti la migodi n'kokwanira kuti nambalayo ikhale pamwamba pa ziro pang'ono, ndi kampata ka amene akudzabadwa. Pa likulu ndi pa mapulaneti akuluakulu a sayansi, kumene peresenti imodzi ndi katundu wambiri, m'pamene kukweza bata kumabweza zimene mwalowetsa.

Njira yotchipa kwambiri yokondweretsa anthu sifuna njerwa. Pop aliyense ali ndi maganizo ake pakati pa asanu ndi atatu otsutsana awiriawiri: okonda nkhondo ndi okonda mtendere, okonda alendo ndi odana nawo, ofuna kufanana ndi ofuna ulamuliro wa dzanja lolimba, okhulupirira zauzimu ndi okhulupirira zogwirika. Patapita zaka zingapo za m'gemu maganizowa amasanduka zipani, chilichonse ndi zofuna zake. Chipani chikakhutira, mamembala ake amakondwa kulikonse kumene ali, ndipo kuyambira pa update ya 3.3 ya mu February 2022 chimakupatsaninso unity, mapointi a umodzi wa ufumu amene mumagulira miyambo yatsopano. Nthawi zina kungosintha lamulo limodzi kumakweza bata pa mapulaneti khumi. Koma onse simungawakondweretse. Maloboti amene akukuthandizani kuchulukana amakwiyitsa a zauzimu, alendo amene mwawapatsa unzika amakwiyitsa odana ndi alendo, ndipo pulaneti limene mwalanda limabwera ndi zipani zake zomwe. Njira iliyonse yochulukitsira anthu ili ndi amene imamupsetsa mtima.

Magemu enawo amamanga mfundo yomweyi m'njira zawo. Mu Galactic Civilizations II ya 2006 zonse zinkazungulira pa msonkho. Mukaukweza anthu amakwiya, mukautsitsa amakondwa n'kuchulukana msanga, ndipo pulaneti likadzaza kwambiri chisangalalo chimatsika, moti kumanga minda yambiri kunali kudziputira mavuto. Mu Endless Space 2 ya 2017 mukalanda nyenyezi zambiri kupyola malire amene ufumu wanu ungakwanitse, approval imatsika m'madera anu onse.

Tsopano pali chinthu chimene gemu siikuuzani mokweza. Approval ija powerengedwa, ma pop salemera mofanana. Aliyense ali ndi political power, kulemera kwa mawu ake, ndipo wolamulira amalemera kuposa katswiri, katswiri kuposa wantchito wamba, kapolo ndiye wotsiriza. Kusiyanako kumakula kapena kuchepa malinga ndi living standard, moyo umene mwasankhira mtunduwo. Pansi pa Stratified Economy, imene imaloledwa kwa maufumu a dzanja lolimba, apamwamba amalandira katundu wambiri ndipo mawu awo amalemera koposa, pamene antchito amalandira zochepa ndipo kudandaula kwawo sikusuntha nambala kwenikweni. Mutha kukhala ndi pulaneti la bata lokwera pamene ambiri mwa okhalapo ali okwiya, bola akuluakulu ochepa aja akudya bwino. Pansi pa Utopian Abundance kapena Shared Burdens mawu a onse amalemera mofanana, ndiye kuti wokumba mgodi akakwiya nambala imatsikadi. Utopian Abundance imakweza chisangalalo kwambiri ndipo ngakhale malova amakhala ndi chopereka, koma consumer goods zimene imameza ndi zoti mafakitale anu azituluka thukuta.

Palinso ufulu wa mtundu ndi mtundu. Gemu imakulolani kuika mtundu wina pa unzika wathunthu, wina pa Residence, wina pa ukapolo. Wa Residence ndi mfulu, amagwira ntchito, chuma chake chimalowa m'nkhokwe yanu, koma mtundu wake sutulutsa atsogoleri ndipo pa ndale uli kumbuyo. Mwana wa kwathu kuno safunika kumufotokozera kawiri zimenezi. Agogo athu anabwera kuchokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury (Harare ya lero), ana awo anabadwira konkuno, koma chitupa cha ambiri chinalembedwa kuti alien. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri a makolo ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia anapezeka alibe unzika ndipo sakanatha kuvota, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anavomereza kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'maiko a SADC, amene akukhala mom'muno, ndi nzika. Malamulo omwewo anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Ndiye mukafika pa tsamba la ufulu wa mitundu mu Stellaris n'kuona batani la Residence, mumadziwa bwino chimene mukusankhira anthu amenewo, ngakhale masamu akusonyeza kuti n'kopindulitsa.

Ndipo nthawi zambiri masamuwo amasonyezadi kuti n'kopindulitsa, makamaka koyambirira kwa gemu pamene consumer goods zikusowa. Opanga gemu sanabise kuti nkhanza zimalipira. Anapita nazo patali zedi. Pali Chemical Bliss, kumene mumamwetsa anthu mankhwala kuti azingosekerera, ntchito n'kumagwira pang'ono. Pali Nerve Stapled, kusintha ubongo wa mtundu wonse kuti usamakondwe kapena kukwiya, maganizo amene analiponso mu Alpha Centauri ya 1999 monga njira yothetsera zipolowe, ndipo kumeneko ankawerengedwa ngati mlandu wa nkhanza. Maufumu a hive mind ndi a makina amene onse amayendera ubongo umodzi alibe n'komwe chisangalalo ndi zipani, n'chifukwa chake ena amalangiza oyamba kumene kuti ayambire pamenepo. Ine sindigwirizana nawo, poti mukadzasamukira ku ufumu wa anthu wamba mudzayambanso kuphunzira kuchokera pa ziro. Oseketsa kwambiri ndi a Rogue Servitor, makina amene analanda ulamuliro n'kumasunga eni ake akale mowasasatitsa, osawalola kugwira ntchito ina iliyonse.

Mtengo wa njira ya dzanja lolimba umabwera mochedwa. Akapolo ndi antchito okwiya amakopeka ndi maganizo ofuna kufanana, umbanda umafuna apolisi ochuluka, ndipo wapolisi aliyense ndi pop amene mwamuchotsa pa ntchito yotulutsa chuma. Choopsa kwambiri ndi pulaneti la migodi kapena la minda lodzaza akapolo koma lokhala ndi olamulira awiri okha. Tsiku limene awiriwo adzakhumudwe, kaya ndi nkhondo yotalika kaya ndi kusowa kwa consumer goods, bata limagwa kamodzin'kamodzi poti panalibe china cholichirikiza.

Pulaneti likafiira, musathamangire kumanga. Imitsani gemu, lozani pa nambala ya stability, idzakuonetsani chimene chikuitsitsa. Ngati ndi amenities, pali chisankho chogawa katundu wapamwamba chimene chimadya consumer goods n'kukugulirani nthawi mukumanga holo-theatre. Ngati ndi ulova kapena kuthinana, samutsirani anthu ku pulaneti lokhala ndi ntchito zopanda ozigwira, ngakhale kusamutsako kumalipiritsa. Ngati moto wayandikira kale, lengezani martial law, asilikali agwire bata pamene mukukonza zinazo, podziwa kuti zotuluka pa pulanetilo zitsika. Pulaneti limene mwangolanda kumene lipatseni nthawi, chifukwa mkwiyo wa kugonjetsedwa umatha pakapita zaka. Koma likakhala la mtundu wodana ndi alendo, lakutali ndi likulu lanu, lofuna apolisi ndi asilikali ochuluka kuposa chuma chimene likutulutsa, lipatseni ufulu wodzilamulira ngati vassal. Lizikupatsani msonkho, zipani zake lizilimbana nazo lokha, ndipo ma pop ake achoke pa chiwerengero chija chimene chimadulitsa kubadwa kwa anthu anu.